Mbozi za pa Kabichi: Phunziro Liyambire M'dimba

Munthu amene anayendako ku Mayani, m'boma la Dedza, adziŵa kuti chilimwe cha kumeneko ndi cha madimba. Mvula ikatha, anthu amatsikira kumadambo kukabzala kabichi, repu, mpiru ndi tchainizi, ndipo ndalama za yunifolomu ndi makope a ana ambiri zimachokera m'masambamo. Mwana wa Sitandade 6 kumeneko anaiona kale mbozi asanaone buku la zaulimi. Nanga n'chifukwa chiyani ife aphunzitsi tikafika pamutu wa tizilombo toononga mbewu timangolemba maina a mankhwala pabolodi, ana nakopera, belu nalira?

Ine ndikuti phunziro limeneli liyenera kuyambira m'dimba la sukulu, ndipo chinthu choyamba kuphunzitsa si kupopera ayi, koma kupenya.

Mdani wamkulu wa mbewuzi ndi kagulugufe kotuŵa, kamene akatswiri amakatcha Plutella xylostella. Kamaikira mazira pamasamba, ndipo mbozi zake n'zobiriŵira, zotalika ngati sentimita imodzi. Zimadya tsamba chakunsi ndi kusiya kakhungu koonekera ngati zenera. Mukaikhudza imathaŵa chambuyo nigwa, nilendeŵera pakaulusi. M'miyezi yozizira ya June ndi July zimakula pang'onopang'ono, koma kukatentha mu September ndi October mbadwo umodzi utha kutha m'milungu iŵiri kapena itatu.

Kufulumira kumeneku n'kumene kumagonjetsa mankhwala. Mlimi akapopera, zofooka zimafa, zolimba zimatsala ndi kuswana, ndipo posakhalitsa mankhwala aja sagwiranso ntchito. Mu 1953, pachilumba cha Java ku Indonesia, mbozi zimenezi zinapezeka kuti sizikufanso ndi DDT, ndipo kuyambira pamenepo zagonjetsa mitundu yambiri ya mankhwala. Mlimi wosadziŵa izi amangoonjezera muyeso, napopera lero masamba amene agulitse mawa. Odya masambawo ndi ana omwe tiwaphunzitsa.

Tsono muchite chotere. Gaŵani ana m'magulu, gulu lililonse likhale ndi bedi lake. Kaŵiri pamlungu atembenuze masamba a mbewu 10, aŵerenge mbozi, alembe m'kope, kenaka azitole ndi manja. Atole mbozi zina ndi zikwa zake, aziike m'botolo lovindikira ndi kansalu, azipatse tsamba latsopano tsiku ndi tsiku. Patapita masiku, m'zikwa zina mudzatuluka agulugufe, koma si zachilendo kuona timavu ting'onoting'ono tikutuluka m'malo mwake. Timavu timeneti timaikira mazira m'thupi la mbozi, ndipo ana ake amaidya m'kati. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake sasoŵanso womuuza kuti mankhwala opha chilichonse amaphanso abwenzi a mlimi. Ku Kenya, mu 2002, bungwe la kafukufuku la ICIPE linamasula mtundu wina wa timavu totere m'madera okwera, ndipo mbozi za kabichi zinachepa kwambiri.

Chiŵerengero chikakwera, ndiye nthaŵi ya kuyesa mankhwala a kumudzi. Nimu amakonda malo otentha monga ku Salima, koma ombwe amamera bwino kumtunda kuno. Sinjani masamba ake, aviikeni m'madzi usiku wonse, sefani, thiranimo sopo pang'ono, ndipo mupopere madzulo, pakuti dzuŵa limaononga mphamvu yake. Bedi lina lilandire ombwe, lina madzi a tsabola, lina lisalandire kanthu, ndipo ana afanizire ziŵerengero. Musawauziretu yankho. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2012 anaonetsa kuti ombwe wina wa m'Malaŵi muno alibe mphamvu yophera tizilombo, ngakhale maonekedwe ake ndi amodzimodzi. Choncho nanunso simudziŵa za chitsamba cha pasukulu panu kufikira mutachiyesa.

Muchenjezenso ana kuti chachilengedwe si ndiye kuti n'chosaopsa. Ombwe amapha nsomba, motero zotsala zake zisatayidwe mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Opopera asambe m'manja, ndipo masamba asathyoledwe tsiku lomwelo.

Ena adzati njira zimenezi n'zochedwa, ndi kuti mlimi wa kabichi wambiri sangatole mbozi imodziimodzi. Zimenezo n'zoona, ndipo sindikunena kuti mankhwala a m'sitolo alibe malo ake. Koma mlimi amene anaphunzira kuŵerenga mbozi amapopera pokhapokha pakafunika, amachotsa zitsa za kabichi akakolola, ndipo sabwereza mbewu ya mtundu womwewo pabedi lomwelo. Ena adzati nthaŵi n'njochepa ndipo mayeso ali pafupi. Ndiwafunse: kodi mwana amene walemba ziŵerengero milungu 6, najambula girafu, nafotokoza zimene waona, sanaphunzire masamu, sayansi ndi chilankhulo pamodzi?

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu amene mukukonzekera kupita kukadziyesa kuphunzitsa, mukafika pasukulu funsani kaye kumene kuli dimba. Ngati kulibe, pemphani kholo lina lapafupi kuti likubwerekeni bedi limodzi. Tengani ana, mugwade nawo pansi, mutembenuze tsamba loyamba.