Njinga ya magetsi iphunzire kumvera mwendo

Njinga zambiri za magetsi zotsika mtengo zimathandiza wopalasa mwa chimbulimbuli. Pafupi ndi mapedulo pamakhala kambale ka timaginito 8 kapena 12, ndipo kachipangizo kotchedwa Hall sensor kamamva timaginitoto tikamadutsa. Kakangomva kuti mapedulo akuzungulira, mota imakoka ndi mphamvu yonse ya mulingo umene mwasankha. Poyambira pa chitunda, pamene mwendo ukufunitsitsa thandizo, mota imachedwa kuyamba. Pamsika, pamene anthu athithikana, imakankha modzidzimutsa. Kwa amene wakweza mwana kapena thumba la chimanga pa kaliyala, kukankha koteroko ndi ngozi.

Ife tikuti vuto limeneli ndi ntchito yoyenera ophunzira athu a sayansi, ndipo sukulu iwagulire zipangizo.

Chofunika kwambiri ndi Arduino, kakompyuta kokwana m'dzanja kamene kanayambira ku Ivrea, m'dziko la Italy, mu 2005, ndipo kanapangidwira ophunzira. Tikakaika pakati pa sensor ndi bokosi lolamulira mota, kamayeza nthawi imene ikupita pakati pa maginito ndi inzake, n'kudziwa liwiro la kupalasa. Kenaka kamauza bokosilo mphamvu yofunika kudzera pa waya wa throttle, amene amanyamula mavoti a pakati pa 1 ndi 4. Wophunzira ndiye amalemba malamulo ake: mphamvu ikwere pang'onopang'ono, ndipo izime msanga mwendo ukaima.

Phunziro lenileni lili pa chitunda. Pamenepo munthu amapalasa pang'onopang'ono koma molimba, choncho kuwerenga maginito kokha kunganamize Arduino kuti thandizo silikufunika. Wophunzira akaona zimenezi ndi maso ake, sadzasokonezanso liwiro ndi mphamvu, ndipo adzamvetsa chifukwa chake njinga zodula zimakhala ndi torque sensor yoyeza mmene phazi likuponderera.

Makolo ena anena kuti izi zidya nthawi ya mayeso a MSCE. Nkhawa yawo ndi yomveka, koma magetsi, maginito ndi masamu a liwiro ndi zomwe zija zili m'mabuku a Physics. Chimene dzanja lagwira, mutu suiwala msanga. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo za njinga atawerenga buku la m'laibulale. Ana athu ali ndi aphunzitsi pafupi, akusowa zipangizo zokha.

Ena aopa ngozi, ndipo apa tikugwirizana nawo. Batire la njinga limatulutsa mavoti 36 kapena 48 pamene Arduino Uno imagwira ntchito ndi 5, choncho pafunika chotsitsa magetsi ndi fyuzi. Batire la lithium lisatsegulidwe, chifukwa likabooka kapena mawaya ake akagundana limayaka moto wovuta kuzima. Waya wozimitsa mota pogwira mabuleki asachotsedwe. Kuyesa koyamba kuchitike tayala lili m'mwamba, aphunzitsi ali pompo. Ndipo cholinga chisakhale mpikisano: ku mayiko a European Union mota ya njinga yotere siposa mawati 250, ndipo imaleka kuthandiza pa makilomita 25 pa ola. Malire amenewo atikwanira.

Tikupempha komiti ya makolo ndi aphunzitsi kuti nkhaniyi ilowe pa msonkhano ukubwerawu. Njinga imodzi, Arduino imodzi ndi mphunzitsi mmodzi wodzipereka n'zokwanira kuyambira.