Paralympics inayamba ndi munthu wothawa kwawo

Mukamaonera Paralympics pafoni, dziwani kuti mwini wake wa ganizoli anali wothawa kwawo. Ludwig Guttmann, dokotala wachiyuda, anathawa ulamuliro wa Hitler ku Germany mu 1939 n'kulowera ku Britain. Boma lakumeneko silinasewere nalo luso lake: mu 1944 linamupatsa udindo woyang'anira ovulala msana pachipatala cha Stoke Mandeville. Mu 1948 anakonzera odwala 16 mpikisano woponya mivi ali panjinga zawo. Pofika 1960 ku Rome, opikisana anali pafupifupi 400.

Nanga kwathu kuno? Mu 2023 boma linasesa othawa kwawo m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka, ena mashopu n'kuwasiya choncho. Pa anthu oposa 50,000 amene ali ku Dzaleka, zoona mulibe dokotala kapena mphunzitsi amene tikumusowa m'zipatala ndi m'sukulu zathu?