ZA UMOYO WATHU: Mwana akudya koma sakula

Amai ambiri akabwerako ku sikelo amadandaula kuti, "Mwana wanga phala akudya, nsima akudya, nanga n'cifukwa ciani sakula?" Dandaulo limeneli si la nyumba imodzi ai. Kafuku-fuku wa boma wa caka ca 2018 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 muno m'Zambia, ana 35 anali opinimbira.

Yankho lina lacokera ku sukulu la madokotala la Yunivesiti ya Zambia mu Lusaka. Kumeneko kuli kabungwe ka TROPGAN, m'mene madokotala a kuno kwathu amagwira nchito pamodzi ndi anzao a ku Queen Mary University ya ku London, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ena a iwo ndi a Beatrice Amadi, dokotala wa ana, ndi a Paul Kelly, dokotala wa matenda a m'mimba.

Iwowa anasonkhanitsa ana opinimbira pafupi-fupi 300 a mu komboni ya Misisi, nawapatsa cakudya coonjezera kwa miyezi ingapo. Ambiri sanakulebe bwino. Tsono makolo atalola, madokotala anayang'ana m'matumbo mwa ena a anawo ndi kacipangizo kolowetsa pakamwa. Zimene anapeza anazifalitsa m'caka ca 2021.

M'kati mwa matumbo muli timinofu tambiri-mbiri tonga ubweya wa thaulo, ndipo ndi timeneti timayamwa cakudya kuti cilowe m'magazi. Mwa ana aja timinofuti tinali tatifupi, matumbo anali otupa, ndiponso munali tizilombo ta mitundu ingapo nthawi imodzi. Mwana wotere mwina satsegula m'mimba konse, koma cakudya cina cimangopyola, pamene thupi likutha mphamvu polimbana ndi tizilombo.

Tizilomboti timacokera m'madzi oipa, m'zonyansa za anthu ndi m'zitosi za nkhuku pabwalo pamene mwana amakwawa. Koma tisadzinamize kuti nchito yake ndi yapafupi. Kafuku-fuku wina wa m'midzi ya ku Zimbabwe, wofalitsidwa m'caka ca 2019, anaonetsa kuti kupatsa banja cimbudzi ndi posambira m'manja pakokha sikunakulitse ana, ngakhale kuti cakudya cabwino cinathandizako pang'ono. Akatswiri ambiri akuti ukhondo wa nyumba imodzi sukwanira ngati pamudzi ponse pali uve.

Motero nkhaniyi si ya amai okha. Amfumu ndi abambo aone kuti citsime n'cochingidwa, nyumba iliyonse ili ndi cimbudzi, ndipo ziweto zili ndi makola. Amai yamwitsani bere lokha miyezi 6 yoyamba, wiritsani madzi akumwa, ndipo khanda likwawe pa mphasa yoyera. Sikelo ikapanda kukwera, musamuimbe mlandu mai wa mwanayo. Pitani naye ku cipatala msanga.