Njoka ya mwana, udindo wa kholo

Mabanja ambiri muno ali ndi abale ku Britain, America ngakhalenso ku South Africa, ndipo masiku ano zithunzi za adzukulu zimafika pafoni tsiku lomwelo. Pakati pa zithunzizi nthawi zina pamapezeka chimodzi chomwe chimawaimitsa mutu agogo: mdzukulu akumwetulira, kanjoka kofiirira kali zengezenge padzanja. Mafunso amayamba pomwepo. Kodi ana athuwa alowa zotani kunjako? Makolo ake ali kuti?

Maganizo anga ndi akuti mantha athu tikuwaika pamalo polakwika. Njoka yomwe ana ambiri amaweta m'maikowa, yotchedwa corn snake, ilibe ululu ndipo siingaphe munthu. Chomwe chiyenera kutidetsa nkhawa n'chakuti kodi banjalo likudziwa kuisamala, komanso likudziwa kuteteza ana ku matenda omwe nyamayi imanyamula? Pamenepo ndiye pagona nkhani.

Kwawo kwa njokayi ndi kummwera chakummawa kwa dziko la America, m'madera monga Florida, Georgia ndi Carolina. Ena amati idapatsidwa dzina la chimanga kaamba koti alimi ankaipeza pafupi ndi nkhokwe ikusaka makoswe, pomwe ena amati n'chifukwa cha maanga a kumimba kwake omwe amafanana ndi chimanga cha mawangamawanga. Imapha nyama yake poizenga ndi kuifinya monga ichitira nsato. Ikangoswa imakhala yotalika masentimita pafupifupi 30, yowonda ngati pensulo, koma ikakula imafika mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Ikasamalidwa bwino imakhala ndi moyo zaka 15 mpaka 20, zina kuposera apo.

Taganizani bwino za zaka zimenezi. Mwana yemwe walira kuti amugulire njoka ali ndi zaka 10 adzamaliza sukulu, adzapita kukoleji, mwinanso kukwatira kumene, njoka ija ikadali moyo m'nyumba ya makolo ake. Akuluakulu adati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imfotere yekha. Mwambiwu ndi wabwino, koma pano sukugwira, pakuti chomwe chifote si nsatsi koma cholengedwa chamoyo chomwe chimamva ululu. Ku England ndi Wales lamulo losamalira nyama la mchaka cha 2006 limaletsa kugulitsa chiweto kwa mwana wosakwana zaka 16, ndipo limati kholo ndilo lili ndi udindo pa chiweto cha mwana wake. Ine ndikuona kuti lamuloli lidalondola. Kholo lomwe silingathe kuiyang'ana njoka, kapena kugwira mbewa yakufa, likane poyambirira pomwepo.

Vuto lalikulu la chiweto ichi n'lakuti sichilira. Galu akadwala amabuula, mbuzi imasiya kubzikula, nkhuku imagwetsa mapiko. Njoka imangokhala chete, kaya ili bwino kaya ikufa. N'chifukwa chake woweta ayenera kudziwa kusiyanitsa khalidwe lake lachibadwa ndi zizindikiro za matenda. Ambiri amalakwitsa mbali zonse ziwiri: amada nkhawa ndi zinthu zosaopsa, n'kunyalanyaza zoopsa zenizeni.

Tiyambe ndi zosaopsazo. Kanjoka kakang'ono kamakhala kobisala pafupifupi tsiku lonse, n'kutuluka kukamada kapena m'bandakucha. Kutchire kanthu kotere ndi ndiwo ya mbalame ndi zilombo zina, choncho kubisala ndiye moyo wake. Mwana akamadandaula kuti njoka yake sikuoneka, si chifukwa choitulutsira mokakamiza. Ikangofika kumene panyumba imafunika kuisiya pafupifupi sabata yathunthu osaigwira kuti izolowere malo. Apa pamafunika kudekha kuja amati n'koonera maso a nkhono.

Kanjokaka kakaopsedwa kamagwedeza nsonga ya mchira mofulumira, kupinda khosi ngati kakufuna kujompha, ndipo nthawi zina kamatulutsa timadzi tonunkha. Kakhozanso kuluma, koma mano ake ndi ang'onoang'ono moti bala lake limangokhala ngati wakandwa ndi minga. Kutsuka ndi sopo ndi madzi n'kokwanira. Zonsezi ndi mantha chabe, ndipo zimachepa njoka ikamakula ndi kuzolowera manja. Kutulutsatulutsa lilime nakonso si ukali. Njoka imanunkhiza ndi lilime, ndipo yomwe ikutero ndiye ili ndi thanzi.

China chomwe chimadzidzimutsa ambiri ndi kufundula. Njoka yaing'ono imakula msanga, motero imavula khungu pafupifupi mwezi uliwonse kapena pakatha masabata asanu ndi limodzi. Nthawiyi ikayandikira thupi limachita mbuu, maso amachita chifunga chobiriwira ngati yachita khungu, imakana chakudya ndipo imakwiya msanga poti sikuona bwino. Pakapita masiku angapo maso amayera, kenaka khungu lakale limavuka. Palibe mankhwala ofunika apa. Chofunika ndi madzi m'mbale komanso kabokosi kobisalamo kokhala ndi ndere zonyowa. Khungu likavuka lonse pamodzi ngati sokosi, zinthu zili bwino.

Tsono tione zoopsa. Khungu likamavuka zidutswazidutswa, ndiye kuti m'nyumba yake mwauma kwambiri. Kachidutswa kotsalira kunsonga ya mchira kamamanga ngati mphira, magazi osayenda, mpaka nsongayo kuuma n'kuduka. Kotsalira pamaso sikayenera kumatulidwa ndi zikhadabo, chifukwa mutha kuboola diso. Imeneyo ndi ntchito ya dokotala wa ziweto.

Chachiwiri ndi kusanza. Njoka yaing'ono imadya kambewa kamodzi kongobadwa kumene pa masiku 5 mpaka 7 alionse, ndipo kambewako kasapose kwenikweni kunenepa kwa njokayo. M'maiko omwe amawetawo mbewazi amagula zakufa kale, zouma ndi chisanu, n'kuzisungunula pa tsiku lodyetsa. Mbewa yamoyo ndi yoopsa pakuti imatha kuluma njoka mpaka kuivulaza. Ikadya, njoka isagwidwe kwa masiku awiri. Ikasanza, kawirikawiri chimakhala chifukwa choti yagwidwa msanga, chakudya chidakula, kapena m'nyumba yake mukuzizira. Woweta wachifundo amathamangira kuipatsa mbewa ina mawa lake, osadziwa kuti akuipha. Mimba yake imafunika kupuma masiku 10 mpaka 14, kenaka n'kuyambanso ndi kambewa kocheperapo. Ikasanza kawiri motsatizana, kapena ikakana chakudya kangapo uku ikuwonda, pitani nayo kwa dokotala.

Chachitatu ndi matenda a m'chifuwa. Njoka yomwe ikupuma mwaphokoso, kutsegula kukamwa nthawi yaitali, kapena kutuluka thovu ndi mamina kukamwa ndi m'mphuno, ikudwala ndithu. Chimodzimodzinso nkhama zotupa zokhala ndi mafinya. Palinso tinthata takuda, tating'ono ngati mchenga, tomwe timayamwa magazi ndipo timakonda kukhala mozungulira maso ndi pansi pa chibwano. Njoka yomwe yagwidwa nato imakhalitsa m'mbale ya madzi. Mankhwala ophera tizilombo omwe timapopera m'nyumba kapena pa agalu asayandikire njoka, atha kuipha.

Mukaonetsetsa, ambiri mwa mavutowa gwero lake ndi limodzi: nyumba yosakonzedwa bwino. Njoka siitha kudzitenthetsa yokha monga tichitira ife. Imadalira malo. Bokosi lake liyenera kukhala ndi mbali yofunda, madigiri 28 mpaka 30, ndi mbali yozizirirapo, madigiri 20 mpaka 24, kuti izisankha yokha, ndipo mbali iliyonse pakhale pobisala. Chotenthetsera chiyenera kukhala ndi kachipangizo kochepetsa moto kutentha kukafika pa muyezo, apo ayi njoka imapsa kumimba ili chigonere. Chivundikiro chikhale cholimba chifukwa kanjoka kameneka n'kakatswiri pothawa, kamatulukira ngakhale pa kampata komwe diso silingakayikire. Zonsezi ndi ndalama, kuonjezera apo magetsi, mbewa ndi dokotala wodziwa za njoka, yemwe ngakhale ku Britain sapezeka paliponse. Njoka yeniyeniyo ndiye chinthu chotchipa pa zonse.

Koma nkhani yomwe agogo ayenera kuikokera pafoni ndi ya thanzi la ana. Njoka, abuluzi ndi akamba amanyamula m'matumbo mwawo tizilombo totchedwa Salmonella, ngakhale iwo akuoneka athanzi. Tizilomboti timatuluka ndi ndowe, n'kufalikira pakhungu la njoka, m'mbale ya madzi ndi m'bokosi monse. Mbewa zodyetsera zija nazo zimatha kukhala nato. Munthu tikamulowa amatsegula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi, ndipo kwa khanda matendawa atha kufika m'magazi. Bungwe loona za kapewedwe ka matenda ku America la CDC limalangiza kuti ana osakwana zaka 5, okalamba ndi anthu omwe chitetezo cha m'thupi mwawo chidatsika asamagwire nyama zoterezi. Choncho nyumba yomwe muli khanda, kapena mayi woyembekezera, si malo owetera njoka pakadalipano. Komwe ikuwetedwa kale, aliyense asambe m'manja ndi sopo akaigwira, mbale yake isatsukidwe mosinki ya kukhitchini, mbewa zisasungunulidwe pomwe pamakonzedwa ndiwo, ndipo mwana asaipsompsone.

Ena anena kuti zonsezi n'zachizungu, ndipo munthu wolongosoka sangasunge njoka m'nyumba. Mantha amenewa ali ndi maziko ake. Ife tidakulira pakati pa mphiri, ndipo tikudziwa anthu omwe adaduka mwendo kapena kutaya moyo kumene. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse atalumidwa ndi njoka, ndipo mchaka cha 2017 lidaika vutoli pa mndandanda wa matenda a m'maiko otentha omwe salabadiridwa. Munthu wa ku London yemwe sadaonepo mphiri ili khale panjira ya kudimba sangatiphunzitse ife za kuopa njoka.

Komabe kuopa njoka ndi kwina, kunamizira mbale ufiti ndi kwinanso. Mabanja adapasuka kale ndi mawu otere, ndipo okalamba ena adamenyedwa, ena kuphedwa kumene, kaamba ka mphekesera. Tisaiwale kuti lamulo lathu la mchaka cha 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mlongo wanu wa ku Manchester yemwe mwana wake ali ndi kanjoka m'bokosi lagalasi sadakhwimire chuma. Adalowa m'sitolo ya ziweto, n'kulipira, n'kulandira lisiti, monga momwe ena amagulira kalulu kapena nsomba za m'galasi.

Mbali inayo nayo ili ndi chenjezo lake. Anyamata athu omwe akuona makanema pa TikTok ndi Facebook asatengeke n'kuyamba kutola tinjoka m'tchire la kuseri kwa msika ati akawete. Corn snake kuno kulibe kutchire. Kanjoka komwe mungakapeze pansi pa mwala kuno kakhoza kukhala kamwana ka njoka yaululu, ndipo ululu wake kamabadwa nawo. Kuitanitsa yakunja nakonso sindikukulimbikitsa. Nyama siidutsa m'malire popanda zilolezo za boma. Magetsi akazima masiku awiri mbewa za mufiriji zimaola, ndipo usiku wa mu June ku Dedza kapena ku Mzimba ndi wokwanira kudwalitsa kanjoka kopanda chotenthetsera. Ikakukanikani muitaya kuti? Ku Florida komweko nsato za ku Asia zomwe zidabwera ngati ziweto zidaswana m'madambo a Everglades ndipo zatha tinyama tambiri tam'deralo. Dziko la Australia limaletseratu anthu wamba kuweta corn snake poopa zomwezi.

Tsono chithunzi chija chikafika, musathamangire kuitanitsa mapemphero kapena kudula foni. Funsani mafunso a munthu wamkulu. M'nyumbamo muli mwana wosakwana zaka 5? Akusamba m'manja akaigwira? Idadya liti, nanga idafundula bwino? Ikadwala mupita nayo kwa yani? Mwanayu akadzachoka panyumba idzatsala ndi ndani? Ngati makolo ake ayankha mosadodoma, mdzukulu wanu akuphunzira kusamala chamoyo chomwe sichingamuuze pomwe pakupweteka, ndipo limenelo ndi phunziro labwino. Ngati akuchita chibwibwi, auzeni mosapsatira kuti akafunse kwa odziwa msanga, kapena akaipereke kwa anthu omwe angathe kuisamala. Safunsa adadya phula.