Aziyenda ndi mapepala, mphunzitsi atsale m'kalasi

Mukadzakwera minibasi ya m'mamawa pa Nselema kapena pa Ntaja yolowera ku Liwonde pakati pa sabata, mudzayang'ane bwino anzanu apaulendo. Pakati pa amayi a madengu a tomato ndi anyamata a geni, simudzalephera kuona bambo kapena mayi wovala mwaulemu, atakumbatira envulopu ya khaki ngati khanda. Kawirikawiri ameneyo amakhala mphunzitsi. Sakupita ku maliro, sakupitanso ku chipatala. Akupita kukatsatira fayilo.

Pamene iye ali pamsewupo, kwinakwake ku Chikweo, ku Ngokwe kapena ku Nayuchi kuli kalasi ya ana ochuluka, nthawi zina oposa 100, omwe auzidwa kuti akasese pabwalo kapena akhale chete mpaka belu lilire. Mwa anawo muli wanu ndi wanga. Ichi n'chifukwa chake nkhani ya momwe maofesi a zamaphunziro amagwirira ntchito si ya mabwana okha. Ndi yathu tonse amene timagula makope ndi yunifolomu.

Chibwerereni mliri wa Covid-19, anthu akhala akukamba zoti ntchito zina za m'boma munthu atha kugwirira kunyumba kapena kulikonse komwe ali, bola pali foni, kompyuta ndi intaneti. Ena amaona ngati uwu ndi mwayi wa mabwana a ku Capital Hill woti azigona mpaka dzuwa litakwera. Ine ndikuona kuti nkhaniyi taigwira kumchira. Munthu amene wakhala akugwirira ntchito kutali ndi ofesi kuyambira kalekale ndi mphunzitsi wa kumudzi. Ngati makina amakonowa ali ndi phindu, ayambe apepuza iyeyo.

Tikumbuke kaye komwe tachokera. Boma la Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Aphunzitsi masauzande adalembedwa ntchito mofulumira. Mphunzitsi aliyense ndi fayilo, ndipo fayilo iliyonse imafuna kalata yolembedwera ntchito, ya kukhazikitsidwa, ya kukwezedwa, ya kusamutsidwa, ya tchuthi, mpaka ya penshoni. Masiku amenewo zambiri mwa izi zinkathera ku Lilongwe.

M'chaka cha 1998 padachitika zinthu ziwiri zokhudza dera lathu lino. Choyamba, dziko lidakhazikitsa ndondomeko ndi lamulo la maboma aang'ono, zija tinkazitchula kuti mphamvu ku anthu, zomwe zidati sukulu za pulayimale ziziyendetsedwa ndi makhonsolo. Chachiwiri, Balaka idapatulidwa ku Machinga n'kukhala boma palokha. Munthu wa ku Phalula, ku Utale kapena ku Kankao adasiya kuwoloka Shire pofuna thandizo la kwa DC. Pofika 2017, ngakhale ntchito yokonza malipiro a aphunzitsi a pulayimale idali itatsitsidwira ku makhonsolo.

Zonsezi zidali zabwino, ndipo wonena kuti palibe chidasintha ndiye kuti akunama. Ulendo wa ku Lilongwe udasanduka ulendo wa ku boma. Koma ulendo ndi ulendo basi. Machinga ndi boma lalikulu, lochokera m'mbali mwa Shire kukafika ku nyanja za Chiuta ndi Chilwa kumalire ndi Mozambique, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti muli anthu opitirira 700,000. Mphunzitsi wa kumalireko amayamba ndi kabaza, kenako minibasi, mwinanso kugona panjira. M'dzinja mitsinje ikadzaza ndiye osanena. Wa ku sekondale naye nkhani zake zambiri zimadzera ku Zomba, komwe kuli ofesi ya chigawo cha maphunziro choyang'anira maboma a Zomba, Machinga, Balaka ndi Mangochi.

Ndikunena izi chifukwa ndidaziona pakhomo. Mayi anga aang'ono adaphunzitsa zaka zambiri pasukulu ina ya kumudzi, m'boma lomwe sinditchula pano. Atakwezedwa pantchito, kalata idabwera, tidavina, nkhuku idafa. Koma malipiro sadasinthe. Ulendo woyamba adakapeza wosunga mafayilo atapita ku msonkhano kunyanja. Wachiwiri magetsi adali atazima. Wachitatu adauzidwa kuti fomu ikusowa chidindo cha ahedi, chinthu chomwe akadawauza pafoni. Wachinayi adangoti, "Mayi, zidapita kale kumtunda, mudzabwerenso mwezi wamawa." Ndalama za thiransipoti zonsezo zidachoka pa ndiwo za pakhomo, ndipo masiku anayi amenewo ana a Sitandade 2 adangokhala.

Palibe amene adawatukwana kapena kuwapempha chiphuphu. Ogwira ntchito muofesimo adali anthu aulemu, otopa ndi milu ya mapepala. Vuto lidali dongosolo lomwe limafuna kuti munthu aoneke nkhope kuti pepala lake lisunthe pa tebulo.

Tsono chaka cha 2020 chidatiphunzitsa kanthu. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo boma lidalamula kuti ogwira ntchito m'maofesi azisinthana, ena azitsalira kunyumba. Misonkhano yomwe kale inkafuna galimoto, mafuta ndi malo ogona idayamba kuchitikira pa Zoom. Makalata ochokera ku unduna adayamba kufika kwa ahedi pa WhatsApp tsiku lomwelo, m'malo modikira kuti wina awabweretse pa njinga yamoto. Boma silidagwe. Tidaona ndi maso athu kuti pepala litha kuyenda popanda munthu kulinyamula.

Zitsanzo zina tili nazo kale. Achikulire akukumbukira masiku omwe malipiro a aphunzitsi ankabwera pamanja, sukulu n'kuima tsiku lonse chifukwa aphunzitsi ali pamzere. Lero amalowa ku banki, ndipo ambiri amawatapa kudzera pa foni kwa ma ejenti a Airtel Money kapena TNM Mpamba pamsika womwe ali nawo pafupi. Bungwe la mayeso la Maneb nalo lidayamba kulembetsa ophunzira pa intaneti ndi kulandira ndalama za mayeso kudzera ku banki ndi pa foni, zomwe zidachepetsa madandaulo aja oti ndalama za ana zasowa m'manja mwa munthu. Ku Kenya, bungwe lolemba ntchito aphunzitsi limawalola kuona pepala la malipiro awo komanso kupempha kusamutsidwa pa intaneti. Nanga ife chikutikanika n'chiyani?

Wina ati: iwe mtolankhani, ukulota uli ku tauni, kodi ku Ngokwe magetsi uwatenga kuti? Funso limeneli ndi loona. Kalembera wa 2018 yemwe uja adapeza kuti makomo pafupifupi 11 okha mwa 100 aliwonse m'dziko muno ndi omwe ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chidali chotsika kwambiri. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ngakhale a m'tauni tidakhala mumdima miyezi yambiri. Netiweki nayo malo ena umachita kukwera pachulu kuti uipeze, ndipo bandulo si yaulere.

Koma sindikunena kuti mphunzitsi aliyense agule kompyuta. Njira ilipo kale, timangoidutsa. Sukulu zathu za pulayimale zidagawidwa m'mazoni, ndipo zoni imakhala ndi malo ake okumanira aphunzitsi otchedwa TDC, komanso mlangizi wa maphunziro amene timamutcha PEA. Malo amenewa ali pafupi, poti mphunzitsi atha kupalasa njinga ataweruka n'kubwerako dzuwa lisadalowe. Bwanji TDC iliyonse isakhale khomo la ofesi ya maphunziro ya boma lonse? Chofunika ndi sola, kompyuta imodzi, makina ojambulira mapepala ndi munthu mmodzi wophunzitsidwa bwino. Ngati pulogalamu ya Befit, yomwe idayamba mu 2023, idatha kufikitsa matabuleti ndi sola m'sukulu za pulayimale za kumidzi kuti ana aziphunzirira kuwerenga ndi masamu, sizingakanike kufikitsa kompyuta imodzi pa zoni.

Makina okha sakwanira. Pafunikanso malamulo atatu osavuta. Loyamba, pepala lililonse lomwe mphunzitsi wapereka lizikhala ndi nambala, ndipo azilandira uthenga pafoni wotsimikiza kuti lafika. Lachiwiri, ofesi izinena poyera masiku omwe nkhani iliyonse imatenga, kaya ndi tchuthi cha uchembere, kusamutsidwa kapena ndalama zotsalira, ndipo masikuwo akadutsa wina azifotokoza chifukwa. Lachitatu, ngati fomu yalakwika, mwini wake aziuzidwa pafoni msanga, osati adziwire pawindo atalipira kale kabaza ndi minibasi. Pakakhala nambala ndi tsiku, fayilo siingasowe mwakachetechete, ndipo mwayi wa mawu aja oti "tiganizireni ya fanta" umachepa.

Palinso mantha ena omveka. Dziko lino lidavutikapo ndi ogwira ntchito a mizukwa, mayina olandira malipiro pomwe eni ake adamwalira kapena kulibeko n'komwe. Ena akuopa kuti munthu akapanda kuonekera ku ofesi, mizukwa ichulukana. Koma taganizani, amene angadziwe bwino kuti mphunzitsi uje alipodi ndipo akuphunzitsa ndani, kalaliki wa ku boma amene amamuona kamodzi pachaka, kapena ahedi, a PEA ndi komiti ya sukulu omwe amakhala naye tsiku ndi tsiku? Ndiponso kuyambira 2017 Amalawi tili ndi ziphaso za unzika zokhala ndi zidindo za zala. Mzukwa umabisala bwino mu mulu wa mapepala kusiyana ndi pamalo pomwe aliyense wogwira fayilo amasiya dzina lake.

Apa ndiyenera kuchenjezanso. Walira mvula walira matope. Kugwirira ntchito kutali kusasanduke dzina latsopano la mawu akale aja oti "abwana atuluka pang'ono", jekete lili pampando. Ofisala amene waloledwa kugwirira kunyumba aziyesedwa ndi mafayilo omwe wamaliza pa sabata, ndipo foni yake ya ntchito iziyankhidwa. Pawindo pazikhalabe munthu wolandira agogo opuma pantchito amene sadziwa za intaneti, kapena mayi wamasiye amene akutsatira ndalama za malemu amuna ake. Anthu otere asabwezedwe ndi mawu oti "kachiteni pa foni".

Ndipo pali ntchito zina zomwe sizingatheke patali. Kuyendera sukulu ndi imodzi mwa izo. Chithunzi cha pa WhatsApp sichingakuuzeni kuti chimbudzi cha atsikana chidagwa, kuti phala silikuphikidwa, kapena kuti mphunzitsi wa Sitandade 1 akuvutika kuphunzitsa kuwerenga. Kuphunzitsa ana aang'ono nako kumafuna munthu. Mu 2020 maphunziro adaulutsidwa pa wailesi, koma sukulu zitayamba kutsegulidwa mu Seputembala ndi Okutobala, mipando ina idapezeka yopanda eni ake chifukwa atsikana ambiri adali atatenga pakati kapena kukwatiwa. Maboma athu ano akudziwa bwino ululu umenewo. Choncho mfundo yake ndi yakuti wa muofesi azipita kusukulu, wa m'kalasi asamapite ku ofesi.

Ndalama zake zichokera kuti? Tiyambe ndi misonkhano. Tonse tikudziwa chikhalidwe chokakambirana za umphawi wa sukulu za kumudzi m'mahotela a kunyanja, maalawansi ali m'thumba. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mafuta ndi wa chilichonse udakwera. Msonkhano uliwonse womwe ungachitike pa kompyuta ndi mafuta opulumutsidwa, ndipo mafuta amenewo athiridwe mu njinga yamoto ya a PEA kuti akafike ku sukulu yomwe yatha teremu osaona mlendo wochokera ku boma. Ndikudziwa kuti amene amapindula ndi maalawansi sangaombe m'manja. Koma ndalama za maphunziro ndi za mwana, si za hotela.

Makolo, tisaone ngati tilibe mawu pankhaniyi. Mphamvu zidatsitsidwa ku makhonsolo n'cholinga choti tizifunsa. Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, funsani ahedi kuti teremu yathayi ndi masiku angati omwe aphunzitsi adajomba chifukwa chotsatira mapepala. Nambala imeneyo ilembedwe, ipite kwa khansala wa dera lanu ndi kwa mfumu, ikafike pamsonkhano wa khonsolo. Bungwe la aphunzitsi la TUM, lomwe limadziwika pomenyera malipiro ndi maalawansi, liikenso nkhaniyi pamndandanda wake, chifukwa ndalama ya thiransipoti yopulumutsidwa ndi malipiro omwe.

M'mera mpoyamba. Mwana amene sadaphunzire kuwerenga ali Sitandade 2 amavutika mpaka Sitandade 8, ndipo tsiku lomwe lapita silibwereranso ngakhale fayilo itapezeka. Mu 1998 tidafupikitsa ulendo. Tsopano tiuthetse, kuti envulopu ya khaki ija izithera pa TDC, ndipo mphunzitsi akakwera minibasi ya pa Ntaja azikhala kuti akupita kukaona abale.