Kodi cinenero n'colipirira ku yunivesite?

Makolo ambiri m'maparishi mwathu amadandaula mwana akasankha maphunziro a zinenero ku UNZA. Amati, "Tigulitse cimanga kuti akaphunzire cimene anayamwira kubere?"

Tiyeni tione bwino. Poyamba maphunzirowa, ocedwa linguistics, mwana amafufuza mmene mau amatulukira m'kamwa, mmene amalumikizirana, ndi cimene amatanthauza. Mwacitsanzo, "mtengo" wa kuthengo ndi "mtengo" wa feteleza timalemba cimodzimodzi, koma pochula woyambawo liu limakwera. Khutu limadziwa kale. Sayansi ndiyo imafotokoza cifukwa.

Nkhaniyi si yaing'ono iai. Mu 1966 boma linalamula kuti ana aziphunzira m'Cizungu kuyambira Giredi 1. Mu 2014 linati a Giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'zinenero zathu. Mu 2025 linayamba kubwereranso ku Cizungu. Ovutika ndi kusinthasinthaku ndi ana athu. Tikapanda akatswiri athuathu, adzalangiza boma ndani? Adzamasulira ndani mabuku a Misa, kapena malangizo a pabotolo la mankhwala ophera mbozi, pamene kuphonya liu limodzi kungatayitse moyo?

Makolo anzathu, mwanayo musamuletse. Cimanga cimeneco sicinapite pacabe.