GALU ALI NDI MWINI WACE

Pali funso limodzi limene limabvuta kuyankha m'midzi mwathu ndi m'matauni momwe. Funsolo ndi ili: "Kodi galu uyu ngwa yani?" Galu akagwira kalulu kapena gwape ku uzimba, funso limeneli silicedwa kuyankhidwa, pakuti mwini wace amathamanga kudzatenga nyama. Galu akapitikitsa mbala usiku, m'mawa mwace mwini amayenda mudzi wonse kumtama. Koma tsiku limene galu yemweyo aluma mwana wopita ku sukulu, kapena kupha mbuzi ya mnansi, pomwepo galuyo asanduka wamasiye. Aliyense angoti, "Kaya, ife sitimdziwa, ngwongoyendayenda ameneyo."

Ine ndikuti khalidwe limeneli nloipa, ndipo liyenera kutha. Agalu ambiri amene tiwaona pa misika, pa zitsime, pa mabwalo a sukulu ndi m'miseu sali a kuthengo ai. Ali ndi makomo amene amagonako, ali ndi maina amene anapatsidwa, ndipo amadziwa likhweru la mbuye wao. Tsono munthu amene akondwera kudya nyama yogwidwa ndi galu wace ayeneranso kusenza mlandu wopalamulidwa ndi galu yemweyo.

MBUZI TIMAMANGA

Tiyeni tiyambe ndi cinthu cimene tonse ticidziwa. Mvula ikagwa, mbeu zikamera, mfumu imalengeza kuti mbuzi zonse zimangidwe ndi kuti ng'ombe zikhale ndi abusa. Ng'ombe ikalowa m'munda mwa wina nidya cimanga, palibe amene amaitanira ng'ombeyo ku bwalo la milandu. Amaitana mwini wace, ndipo iye amalipa. Sitinamvepo munthu akudzikanira pamaso pa akuluakulu kuti, "Ng'ombe yanga njofatsa, siidya cimanga ca eni." Wonena mau otere anthu angamseke. Makolo athu anadziwa bwino lomwe kuti ciweto ciribe nzeru, ndi kuti nzeru zace ndiye mwini.

Nanga galu wasiyana pati? Mbuzi iononga cimanga, ndipo cimanga cimabzalidwanso caka ca mawa. Galu aononga munthu. Iye athamangira wokwera njinga namgwetsa. Asiya zonyansa pafupi ndi citsime ndi pamene ana amasewera. Alowa m'khola usiku natha nkhuku za mai wamasiye. Kodi nkwanzeru kumanga ciweto cakudya udzu ndi kulekerera ciweto ca mano akuthwa? Tikatero ndiye kuti tayesa phesi la cimanga kukhala la mtengo wapatali koposa mwendo wa mwana.

NTHENDA YA CIWEWE

Bala la mano likadakhala bala lokha, bwenzi tikuti lidzapola. Koma m'malovu a galu wodwala mumakhala kacirombo kakang'ono kosaoneka ndi maso, kamene kamadwalitsa ciwewe. Galu wotere akaluma munthu, kapena akanyambita pa cironda, kacirombo kaja kamalowa m'thupi nikayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kufikira kafika ku bongo. Ulendo umenewu kawirikawiri umatenga miyezi 2 kapena 3. Nthawi zina sabata limodzi lokha, nthawi zina caka cathunthu. Apa ndipo pagona cinyengo ca nthendayi. Bala limapola, makolo naiwala, mwana nabwerera ku sukulu. Tsiku lina ayamba kutentha thupi ndi kumva kuyabwa pa cipsera. Kenaka ayamba kubwebweta. Ludzu limgwira, koma akaona madzi anjenjemera ndi mantha, pakuti kukhosi kwace kukana kumeza. Zizindikiro zimenezi zikaoneka palibe mankhwala ocizira, ngakhale a ku cipatala ngakhale a zitsamba. Pafupifupi onse ofika pamenepa amamwalira pasanathe masiku ambiri.

Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse lapansi, lochedwa World Health Organization, liwerenga kuti anthu ngati 59,000 amafa ndi ciwewe caka ciri conse, makamaka mu Africa ndi mu Asia. Mwa anthu 100 otenga nthendayi, pafupifupi 99 amaitenga kwa galu. Ndipo mwa 100 akufa nayo, 40 ndi ana osafika zaka 15. Cifukwa cace ncosabvuta kuciona. Mwana ngwamfupi, motero galu amamluma kumaso kapena m'khosi, pafupi ndi bongo. Mwana amakonda kusewera ndi tiana ta agalu. Ndiponso mwana akakandidwa pang'ono amabisa, poopa kukalipiridwa ndi makolo ace.

Tisayese kuti zimenezi nza maiko a kutali okha. M'caka ca 2007 madotolo a pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre anasindikiza zimene anapeza pofufuza za ana amene anamwalira ndi matenda a mu bongo. Mwa ana 133, okwana 14 anafa ndi ciwewe. Ndipo mwa ana 26 amene poyamba anthu anati afa ndi malungo a mu bongo, 3 anapezeka kuti cinawapha ndi ciwewe. Ndiye kuti alipo ana amene tawaika m'manda tikunena malungo, kapena tikuloza dzala nkhalamba kuti ndi mfiti, pamene wakupha weniweni anali galu wosamangidwa.

IMFA YOPEWEKA

Cimene cipweteka mtima koposa ncakuti imfa imeneyi njopeweka, ndipo njira yace inadziwika kalekale. M'caka ca 1885 munthu wina wa ku France, dzina lace Louis Pasteur, anapereka katemera kwa Joseph Meister, mnyamata wa zaka 9 amene analumidwa koopsa ndi galu wa ciwewe, ndipo mnyamatayo anapulumuka. Pasteur anamwalira pa 28 September 1895, ndipo masiku ano tsiku la 28 September linapatulidwa kuti maiko azikumbutsana za nthendayi. Akatswiri a ziweto anapezanso kuti agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akalandira katemera, ciwewe cimasowa podutsa, monga momwe moto wolusa umazimira ukafika pa malo olambulidwa.

Zimenezi zinayesedwa kwathu konkuno. M'caka ca 2015 bungwe lochedwa Mission Rabies, pothandizana ndi a Boma oyang'anira ziweto, linabaya katemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, popanda kulipiritsa. M'zaka zotsatira, ana ofika ndi ciwewe ku cipatala cija anacepa ndithu. Maiko anapangana kuti pofika caka ca 2030 pasakhalenso munthu wakufa ndi ciwewe ca galu. Koma pangano lotere silingathe kanthu ngati inu ndi ine tikhala pansi tsiku la katemera. Wobaya jekeseni angathe kufika pa bwalo la sukulu kapena pa dipi ndi mankhwala ace, koma wogwira cingwe ndi kubwera naye galu ndi mwini yekha.

MAU ODZIKANIRA

Eni agalu ali ndi mau ambiri odzikanira, ndipo nkoyenera kuti tiwayese limodzi limodzi.

Wina amati, "Galu wanga saluma." Bambo, galu wanu saluma inu, cifukwa ndinu womdyetsa. Kodi munalipo usiku uja pamene anamenyana ndi agalu acilendo kapena ndi nkhandwe kudambo? Ciwewe cimasintha mtima wa galu. Wofatsa amalusa naluma ciri conse, ngakhale mtengo. Wina salusa konse. Amangofooka, nsagwada nilendewera, malovu nacuca, ndipo anthu poyesa kuti watsamwa ndi pfupa amapisa dzanja m'kamwa mwace. Kufatsa kwa dzulo si mboni ya lero.

Wina amati, "Katemera amafooketsa galu, akabayidwa sathamanganso ku uzimba, ndipo sauwa mbala." Limeneli ndi bodza lopanda miyendo. Ana athu amalandira katemera wa cikuku ndi wa kafumbata, koma amathamanga pa mpira monga mwa masiku onse. Cimene cimafooketsa galu ndi njala, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba.

Wina amati, "Galu amadzifunira yekha cakudya." Inde amadzifunira, koma amakacipeza kuti? Amakacipeza m'mphika mwa mnansi, m'khola mwa mnzanu ndi pa dzala la msika, kumene amakumana ndi agalu odwala. Munthu wolekerera galu kuti adzidyetse yekha akuweta galuyo ndi cuma ca anzace. Ngati simungathe kupatula mkute kapena phala la madeya tsiku ndi tsiku, musawete galu. Galu mmodzi wokhuta aposa asanu a nthiti zowerengeka. Ndipo musagule tiagalu togulitsidwa m'mbali mwa mseu, timene simudziwa kumene tacokera kapena cimene cinaluma mace.

Wina amati, "Ndikamsunga pakhomo, adzalonda bwanji?" Nanga galu amene ali ku msika, kutali ndi kwanu, akulonda nyumba ya yani? Mlonda weniweni amakhala pa malo amene anaikidwa. Mangani mpanda wa udzu, wa bango kapena wa nsungwi, galu azikhala m'katimo. Koma ndisamveke ngati ndikuti galu azunzidwe ai. Kummanga ndi cingwe cacifupi padzuwa, wopanda madzi, usana ndi usiku, ndi nkhanza, ndipo galu wozunzidwa cotero amalusa koopsa tsiku limene adula cingwe. Mpatseni mthunzi, madzi ndi malo oyendamo; mukafuna kuturuka naye, cingwe cikhale m'dzanja la munthu wamkulu.

Ndinenenso kwa anthu a cuma okhala m'mipanda ya njerwa m'matauni, amene amaweta agalu akuluakulu. Ena a inu mumatsegula cipata usiku kuti agaluwo akaongole miyendo. Kodi mumadziwa amene amakumana nao m'bandakuca? Ndi mai wosenza dengu la masamba popita ku msika, ndi mlonda woweruka ku nchito, ndi mwana wolawirira ku sukulu. Akuluakulu anati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, koma sananene kuti ndi mfumu ya anthu. Mseu ngwa tonse, wolemera ndi wosauka yemwe, ndipo munthu sayenera kuyenda ndi mwala m'manja m'dziko la kwao.

GALU AKALUMA MUNTHU

Tsoka silinunkha, ndipo ngakhale galu wosamalidwa bwino angathe kuluma. Zikatero, coyamba ndi kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nthawi yomweyo. Kutsukako kumacotsa tizirombo tambiri tisanalowe m'kati. Caciwiri ndi kupita ku cipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati bala litupa. Majekeseni ace amabayidwa pa masiku angapo osiyana, ndipo wolumidwa ayenera kumaliza onse monga adzanenere a cipatala.

Apa ndipo pamaonekera umunthu wa mwini galu. Asabise galuyo kwa abale ace a kumudzi wina, ndipo asakane kuti ngwace. Ammange pa malo amene sangafike anthu kapena ziweto, nadziwitse mlangizi wa ziweto, naonetse kalata ya katemera ngati ali nayo. Galuyo ayang'anidwe masiku 10, pakuti galu amene anali ndi ciwewe m'malovu tsiku loluma amadwala kapena kufa m'kati mwa masiku amenewa. Koma wolumidwa asadikire masiku 10 amenewa asanapite ku cipatala ai. Nthawi zina mankhwala sapezeka pa cipatala cacing'ono, ndipo pafunika ulendo wa ku cipatala ca ku Boma. Ndalama za ulendowo ziturukire m'thumba la mwini galu, osati la kholo la mwana wolumidwa. Wokana kutero ayenera kuimirira pa bwalo monga amaimirira mwini ng'ombe yodya cimanga.

KWA MAFUMU NDI KWA ONSE

Ciwewe cikabuka m'dera, Boma liri ndi mphamvu yolamula kuti agalu onse amangidwe, ndipo opezeka akuyendayenda amaphedwa. Pamenepo anthu amalira ndi kunena kuti a Boma ngankhanza. Koma wapha galuyo ndani, woomba mfuti kapena amene anamlekerera? Sitiyenera kudikira mfuti kapena maliro kuti ticite cimene ticidziwa kale.

Inu mafumu ndi nyakwawa, mau anu amamveka mukalengeza za mbuzi. Lengezaninso za agalu. Mudziwe makomo amene ali ndi agalu m'mudzi mwanu, ndipo tsiku la katemera likafika, mufunse khomo liri lonse. Ife aphunzitsi tiphunzitse ana kuti asagende galu, asamseweretse pamene akudya kapena akuyamwitsa, asathawe akawathamangira koma aime ciriri, ndipo akalumidwa kapena kukandidwa anene msanga. Inu awerengi amene mwaphunzira kuwerenga muli akuluakulu, werengerani mau awa anzanu amene sanaphunzire.

Ndipo inu mwini galu, mpatseni katemera caka ndi caka, mdyetseni, msungeni pakhomo, ndipo akalakwa bvomerani. Musaiwale kuti galu amene walowa ciwewe sayamba wafunsa kuti mwana uyu ngwa yani. Kawirikawiri woyamba kulumidwa amakhala wa pakhomo pomwepo. Paja akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.